Misangu ya ku Golomoti

Munthu wotsika msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Dedza m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litakhwima, mapiri atayera chifukwa cha nkhwangwa ndi lupsa, sangaleke kuzizwa akafika ku Golomoti, pakuti m'chigwa chotenthacho, m'mene mitengo yambiri yayoyola masamba, misangu yaima yobiriwira pakati pa minda, ng'ombe zili pansi pake kutola zipatso zake zopotanapotana.

Tsiku lina minibasi yathu idafera pomwepo, ndipo kondakitala, amene adali atatolera kale ndalama zathu, adalowa kunsi kwa galimoto osatulukako kufikira dzuwa litapendeka. Ndidathawira pamthunzi wa msangu, pamene ndidapeza mkulu wina akusosa.

"Mtengo uwu, bambo, uli ndi ulemu," adatero. "Mvula ikagwa umavula masamba kuti chimanga chione dzuwa, ndipo masambawo ndiwo manyowa anga. Patsinde pano sindithira feteleza."

Zimene mkuluyo adalandira kwa makolo ake, anthu ophunzira akuzitama lero m'misonkhano ya m'mahotela, ndipo sakunama ayi. Pakuti pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni amene mtengowo udakoka mumlengalenga, mu mpweya womwewo umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula, ndipo kaboni wina amatsikira m'nthaka ndi mizu ndi masamba oola, nakhala momwemo zaka zambiri ngati mwini munda satentha mapesi. Ku Niger alimi, pongoleka zitsa kuti ziphukenso, adabweza mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, pamene ife tikupikisana ndi njinga za makala mumsewu.

Koma chimene chidandiwawa ndi ichi: mkuluyo adandiuza kuti kudabwera anyamata a bungwe lina, ovala zipewa zofanana, amene adayeza thunthu lililonse ndi chingwe, nalemba mayina a eni minda, nalonjeza kuti maiko olemera, amene utsi wawo ndiwo wadzetsa tsokali, adzalipira alimi chifukwa chosunga mpweya. Dzinja lidadza nilipita, koma ngakhale tambala sidaoneke. Iye alibe nazo mangawa, ati fodya wako ndiye ali pamphuno, ndipo wake ndi nkhokwe yodzaza. Koma ine ndikuti amene adatenga mayinawo abwerere ku Golomoti, akaime pamaso pa anyakwawa, akanene kumene kaundulayo adapita ndi amene adadyerapo.