Pepala la Amalume

Pikapu yakale ya amalume ndiyo inkatidyetsa kwathu ku Zingwangwa. Sabata iliyonse inkatsikira ku Nchalo kukanyamula mbuzi za ogulitsa nyama, ndipo fizi yanga ya Fomu 3 inkachokera pomwepo. Vuto linali pobwerera. Ikangoyamba chitunda cha ku Thabwa m'dzuwa la Okutobala, madzi a m'radiyeta ankawira. Pachitunda galimoto imayenda pang'onopang'ono, mphepo yakutsogolo imachepa, chonsecho injini ikulimbana ndi katundu. Fani yake yoyendera lamba inali itathyoka mapiko.

Amalume adagula fani yamagetsi yochotsedwa pa Toyota Corolla yakufa. Loweruka lina, pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi phiri la Soche, adaimangirira kuseri kwa radiyeta. Mawaya adasiyira ine, poti ndinkadzitama kuti sayansi ndimakhoza.

Ndidatenga waya wonenepa kuchokera ku batire, n'kuupititsa pa fyuzi mpaka pa nambala 30 ya relay. Wina udachoka pa 87 kupita ku fani. Pa 85 ndi 86 ndidalumikiza timawaya tochokera ku kiyi ndi ku kaswitchi komva kutentha kwa madzi. Fani imakoka magetsi ambiri, choncho relay ndiyo imasenza mtolowo kuti kaswitchiko kasapse.

Tidaliza injini. Itatentha, relay idangoti tha! Fani n'kuyamba kuzungulira. Ndidadumpha ndi chimwemwe.

"Amalume, yatheka!"

Iwo sadayankhe. Adang'amba pepala m'kope langa, n'kuliika kutsogolo kwa radiyeta. Lidauluka n'kugwera pafumbi.

"Mphwanga, likadayenera kukakamira pamenepa," adatero. "Fani iyenera kukoka mphepo kulowetsa ku injini. Yakoyi ikuibweza."

Ndinali nditasemphanitsa mawaya awiri a fani. Pamsewu ikadamalimbana ndi mphepo yakutsogolo, injini ikadapsa pachitunda, ndipo sukulu yanga ikadathera pompo. Nditawasintha, pepala lidamatirira pa radiyeta ngati lapakidwa ulimbo.

Amalume sadandikalipire. Adangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupita kukasamba m'manja. Lachiwiri lotsatira mbuzi zidafika ku Blantyre madzi osawira.

Lero ndine makaniko, ndipo anyamata amene ndimawaphunzitsa amadabwa kuti m'bokosi langa la masipanala simusowa pepala. Ndimawalola asangalale kaye fani yawo ikazungulira, kenaka ndimawapatsira pepalalo kuti akaliike okha.