Mkazi wa Mchona Adikire Kufikira Liti?

Mau akuti "mchona" ife a kuno ku Chezi tinakula nao. Mchona ndiye munthu amene anapita ku ulendo kukafuna ndalama, nakhalitsa komweko osabwera, osalemba ngakhale kalata. M'masiku a makolo athu amuna ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi analembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, ena anayenda pansi kufikira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ambiri anabwerera kwao m'zaka zimenezo, koma si onse ai. Lero anyamata athu akwera basi za ku Johannesburg ali ndi lamya m'thumba, koma uchona sunathe. Miyezi yoyamba ndalama zibwera, kenaka nambala ija ileka kuyankha.

Wosenza katundu wa uchona ndiye wotsala pakhomo. Ife ophunzitsa m'sukulu tiwadziwa ana amene awerama tikafunsa za bambo ao, ndipo pa bwalo la akulu a mpingo tikumana ndi amai ao. Mai wotere sali wamasiye, pakuti manda palibe. Sali wosudzulidwa, pakuti palibe anamsudzula. Alima yekha, afolera nyumba yekha, alera ana yekha. Patapita zaka 10 mwamuna wina amfunsira. Akalola, timdula ku Mgonero wa Ambuye. Akakana, akalamba alikudikira munthu amene kapena anamanga kale banja lina, kapena anagona m'manda osadziwika. Ife tingomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi mau amenewa okha akwanira?

Ukwati ndi wopatulika, ndipo palibe mkulu wa mpingo akondwera poona banja lilikutha. Koma mtumwi Paulo, pa 1 Akorinto 7:15, anazindikira kuti kulipo kusiyidwa kumene kumasula wosiyidwayo. Makolo a Chipresbiteri, m'Chivomerezo cha ku Westminster cha 1647, anaphunzitsa kuti kuthawa banja dala, kumene mpingo ndi boma alephera kukonza, ndi chifukwa chokwanira chothetsera ukwati, malinga mlanduwo uyende poyera ndi mwadongosolo. Tsono njira ilipo, ndipo ntchito yathu ndiyo kuyenda nao amai otere m'njiramo.

Choyamba ndi kufunafuna moona mtima. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi, pakuti kawirikawiri wina wa kuchimuna adziwa kumene mbale wao ali, koma abisa chifukwa cha manyazi. Abusa alembere mipingo ya kutali. Tisaiwale kuti Sinodi wa Harare anabadwa mwa ntchito ya Nkhoma pakati pa anthu athu a pa ulendo. A Red Cross nao ali ndi ntchito yofufuza abale otayana. Obwera kudzadya Khirisimasi afunsidwe. Zonsezi zilembedwe pamodzi ndi masiku ake: tsiku limene bambo anachoka, ndalama zotsiriza, makalata amene anatumizidwa ndi mayankho ake. Mchona akapezeka, tiyambe tamdandaulira kuti abwere, pakuti kuyanjanitsa ndiko tifuna koposa.

Chachiwiri ndi khoti. Lamulo la maukwati la 2015 livomereza ukwati wa kwa ankhoswe, wa ku tchalitchi ndi wa ku boma, ndipo zaka zokha, ngakhale zichuluke, sizithetsa ukwati. Mlandu wa ukwati wa kwa ankhoswe umveka kwa majisitireti. Ambiri aopa kuti popeza mwamuna sangalandire samani, mlandu sungazengedwe. Si tero ai. Khoti likaona umboni wakuti munthu anafunidwa ndithu osapezeka, lingathe kulola kuti aitanidwe mwa njira ina, monga chidziwitso cha m'nyuzipepala, ndipo akapanda kufika mlandu upitirira. Ndiponso munthu amene wasowa zaka 7 osamveka konse kwa iwo oyenera kumva za iye, khoti lingathe kumuyesa wakufa. Osowa ndalama apite kwa a Legal Aid. Khoti lomwelo liweruzanso za ana ndi katundu, chinthu chachikulu kwa mai wa chitengwa, amene munda ndi nyumba zili pamudzi pa mwamuna. Mkulu wa mpingo wa m'dera lake amperekeze, pakuti mai wa kumudzi pakhomo pa khoti aopa ngati wapalamula.

Chachitatu ndi mpingo. Mai abwere ndi kalata ya khoti kwa abusa ndi akulu asanalole mwamuna wina, kuti mlandu uweruzidwe monga mwa malamulo a mpingo. A kuchimuna nao amsudzule mwaulemu pamaso pa ankhoswe, kuti ana asataye abale a bambo ao. Amai a Chigwirizano amuyendere masiku onse amenewa. Miseche ya pachitsime yakankhira ambiri ku maukwati a mseri.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mtima uli ku Joni tinena izi: musanakwere basi, uzani ankhoswe kumene mulikupita ndi kwa yani mukafikire. Mukafika, funani mpingo, mupereke kalata yanu ya umboni. Zinthu zikakuvutani, bwerani chimanjamanja. Ana anu afuna nkhope yanu koposa katundu. Ndipo inu makolo amene mudziwa kumene mwana wanu anachonera, musamzunze mpongozi wanu ndi chinsinsi. Nenani zoona, kuti iye ndi adzukulu anu adziwe poima.