Zaka zitatu za nyanja ndi cigubu

Lero ndikufuna kuyankha funso limene ambiri mwakhala mukundifunsa, ena pamsika, ena titatuluka mu msonkhano wa makolo: "Aphunzitsi, mumatha bwanji osalekeza?" Mwezi uno ndakwanitsa zaka zitatu ndikusambira m'nyanja kuno ku Metangula katatu pa sabata, ndiponso kunyamula zolemera kawiri pa sabata. Ndili ndi zaka 47, ana anayi pakhomo, ndi turma ya ana opitirira 60 kusukulu. Kuyamba sikunali kobvuta, munthu aliyense amatha kuyamba. Nkhani yagona pa kupitiriza, ndipo ndi zimenezo ndikufuna kufotokoza.

Cimene cinandiyambitsa ndi mantha. Amayi anga anadwala trombose ali ndi zaka 58. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo anakhala pamphasa zaka zinayi asanatisiye. Ine ndi mng'ono wanga ndife tinkawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwanyamula kukawaika padzuwa. Conco tsiku limene namwino anandiyeza tensão n'kupeza 155 ndi 95, kenako sabata yotsatira n'kupezanso cimodzimodzi, ndinadziwa kumene njira imeneyi imathera. Anandiuza kuti ikafika 140 ndi 90 ndiye kuti yakwera kale. Anandipatsa mapilisi, anati ndicepetse mcere, ndipo anati thupi lizigwira nchito mpaka kupuma kusinthe. Mapilisiwo ndikumwa mpaka lero. Nyanja sinalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo wina asadzanene kuti aphunzitsi anati tisiye mapilisi.

Ena amafunsa cifukwa cake ndimacita ziwiri. Kusambira kumalimbitsa mtima ndi mapapo, ndipo sikupweteka maondo cifukwa madzi ndi amene amanyamula thupi. Koma ubwino umenewu uli ndi mbali ina: popeza madzi akunyamula, mafupa sakumva kulemera kulikonse. Fupa limalimba likamasenza katundu. Ife akazi tikasiya kusamba, ndikunena kusamba kwa mwezi osati kwa kunyanja, mafupa amayamba kufooka msanga, ndipo minofu nayo imacepa caka ndi caka ngati siikugwiritsidwa nchito. Ndiye nyanja ndi ya mtima, cigubu ndi ca mafupa ndi minofu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, limalangiza munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za nchito yopumitsa wefuwefu pang'ono, kuwonjezera masiku awiri kapena kuposa olimbitsa minofu. Ine ndimasambira mphindi 30, ndipo kuyenda kupita kunyanja ndi kubwerera ndi mphindi 30 zina. Katatu pa sabata zimakwana 180.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Ife timalima, timatunga madzi, timasinja, tifuniranji zina?" Amene amagwira khasu tsiku ndi tsiku ali ndi mfundo. Koma tiyeni tinene zoona za ife aphunzitsi. Timaimirira pabolodi maola anayi kapena asanu, kenako timakhala pampando kukonza makope mpaka usiku. Madzi amatunga ndi ana, kumunda timalemba waganyu. Timatopa kwambiri, koma kutopa kumeneko ndi kwa mutu, mmero ndi msana. Mtima sunathamange ngakhale kamodzi tsiku lonse.

Ndimaphunzitsa masana, ndiye Lolemba, Lacitatu ndi Loweruka ndimapita kunyanja ca m'ma 7 koloko, dzuwa litatuluka bwino ndipo asodzi atakocheza kale mabwato. Sindilowa pakati. Ndimasambira motsata gombe, pamene ndikaima madzi amandifika pacifuwa, kucokera pa mtengo wina wa mkuyu kukafika pa mwala waukulu. Ndinayeza ndi mapazi pamtunda, ndi pafupifupi mamita 50. Caka coyamba ndinkatha maulendo 4 n'kuima ndikupuma ngati ndathamangitsidwa. Lero ndimatha 16. Ndimasambira mwa cule, mutu ukutuluka pa sitepe iliyonse, cifukwa ndimafuna ndiziona zimene zili kutsogolo. M'ciuno ndimamanga cingwe, kumapeto kwake kacigubu kopanda kanthu ka malita 5 kotseka bwino. Kamayandama kumbuyo kwanga, a mabwato amakaona patali, ndipo mwendo ukagwira dzanzi ndimakakumbatira.

Nyanja ili ndi malamulo ake, ndipo wobadwira kuno aliyense amawadziwa. Sindisambira ndekha. Sindiyandikira mabango kapena pamathiriro a mitsinje, sindilowa m'bandakuca kapena madzulo kuli cisisira, cifukwa nthawi ndi malo amenewo ndi a ng'ona. Lamulo lina ndi la likodzo. Tizilombo take timacokera mu nkhono za m'madzi ndi kulowa pakhungu popanda munthu kumva, ndipo timacuruka kwambiri dzuwa likakhala pamutu. Kusambira m'mawa ndi kupewa madzi oima kumacepetsa ngozi, koma sikuithetsa, ngakhale pamcenga woyera. N'cifukwa cake kamodzi pa caka ndimapita kukayezetsa mkodzo, osadikira kuona magazi. Kamodzi anandipeza nalo, ndinamwa praziquantel, ndipo patapita masiku owerengeka ndinabwerera m'madzi. Makolo, mwana akamakodza magazi si cizindikiro ca kukula. Pitani naye kucipatala.

Laciwiri ndi Lacisanu ndi masiku a cigubu, kuseri kwa nyumba, mphindi 25. Kuno tilibe ginásio, ndipo sindinagulepo citsulo ciliconse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye cigubu ca malita 20 ndi sikelo yokwanira: ukafuna makilo 8 umathira malita 8. Ndimacita zinthu zinayi. Ndimanyonyomala ndi kudzuka nditakumbatira cigubu pacifuwa. Ndimacinyamula pansi msana uli woongoka, mphamvu zikucokera m'ciuno ndi m'ncafu. Ndimatsamira tebulo ndi manja awiri, kutsitsa cifuwa ndi kukankha. Pomaliza ndimagwira mpando ndi dzanja limodzi, nditawerama, lina likukokera cigubu kunthiti. Ciliconse ndimacita ka 10, ndimapuma, ndi kubwereza katatu. Zikayamba kupepuka ndimawonjezera lita imodzi yokha. Ponyonyomala ndinayamba ndi malita 5, tsopano ndili pa 13. Ponyamula pansi ndinayamba ndi 10, tsopano cigubu cimadzaza. Kwa inu a tensão, namwino anandicenjeza cinthu cimodzi: musamange mpweya ponyamula, cifukwa pamenepo magazi amakwera mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pokweza, kokani potsitsa.

Tsopano ku funso lenileni. Zimene zimadula munthu ndimazidziwa zonse, cifukwa zimabwera caka ciliconse. Kuyambira Maio mpaka Agosto mwera umatha kuomba masiku angapo osaleka, mafunde n'kukula moti ngakhale asodzi amakokera mabwato pamtunda. Kumapeto kwa trimestre iliyonse kuli mayeso ndi mapauta, ndipo timagona pakati pa usiku. Kuli maliro, kumene munthu sungacoke n'kunena kuti ndikukasambira. Kuli malungo m'nyengo ya dzinja. Kuli alendo. Amene akudikira sabata yopanda zimenezi adzadikira mpaka imvi.

Cimene candisunga ndi lamulo limodzi: tsiku la masewero silidutsa lopanda kanthu. Tsiku lililonse lili ndi cacikulu cake ndi cacing'ono cake. Nyanja ikakwiya, ndimayenda mofulumira kukwera citunda kwa mphindi 30, ndipo tsikulo lawerengedwa. Mapauta akandipanikiza, ndimanyonyomala ka 10 katatu madzi a tiyi akuwira, mphindi 5 zokha, ndipo tsikulo lawerengedwa. Mphindi 5 sizilimbitsa thupi kwenikweni, ndikudziwa. Nchito yake ndi kusunga malo. Zili ngati kuika mwala pamzere wa pamjigo: sunatunge madzi, koma malo ako alipo. Munthu akasiya sabata ziwiri zathunthu, cobvuta sicikhalanso mphamvu, cimakhala manyazi oyambiranso, ndipo manyazi amenewo ndi amene amapha ambiri.

Kudwala kokha ndi kumene ndimakupatsa ulemu. Thupi likatentha sindikhudza madzi kapena cigubu. Ndikamaliza mankhwala a malungo ndi kumva kuti cakudya cayamba kukoma, ndimayambira pa theka: maulendo 8 m'malo mwa 16, malita 6 m'malo mwa 13. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu ndimakhala ndabwerera pamene ndinali. Thupi limakumbukira msanga kuposa mmene linaphunzirira.

Cina cimene cimathandiza ndi kope. Ife aphunzitsi timadziwa mphamvu ya kuitana maina: mwana amene amadziwa kuti dzina lake liitanidwa amayesetsa kubwera. Ndinatenga kope lakale, ndinajambula mizere ngati ya kalasi, ndipo tsiku lililonse ndimalemba P kapena F, ndi nambala ya maulendo kapena malita. Caka catha ndinawerenga ma F 19, pafupifupi onse a malungo ndi maliro. Masiku amene mtima ukunena kuti palibe cimene cikusintha, ndimatsegula tsamba loyamba ndi kuona 4 pamene lero pali 16.

Ndipo pali mnzanga, mayi wogulitsa usipa pamsika, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, amene anayamba cifukwa ca shuga. Ndi iye timasambira, wina kutsogolo wina kumbuyo. M'mwezi wa Julho, m'mawa kukuzizira, bulangete limakhala ndi mau okoma kwambiri. Koma ndikakumbukira kuti acemwali aima kale pa mkuyu paja ndipo sangalowe okha, ndimadzuka. Iwonso amati amadzuka cifukwa ca ine. Aliyense payekha akanasiya kalekale.

Zonena za anthu zinalipo. Kuno mkazi wamkulu amapita kunyanja kukacapa, kutsuka mbale ndi kusamba pa dooko la akazi, osati kukasambira uku ndi uku popanda cimene akutola. Apongozi anga anandiitanira kuseri n'kunena kuti: "Mpongozi, munthu wa ana anayi, mphunzitsi wathunthu, n'kumaphiriphitha m'madzi ngati kamtsikana? Anthu atiyesa ciyani?" Ndinagwada ndi kuwayankha kuti: "Amayi, munaona mmene amayi anga anagonera. Ndikufuna mukadzafooka ndidzakhale ndi mphamvu zokunyamulani inu, osati inu kudzanyamula ine." Anakhala cete kanthawi, kenako anati: "Muzibvala zokwanira." Ndimabvala kabudula wofika m'maondo ndi malaya a manja. Kapulana ndimafika nayo mpaka m'mphepete ndi kuisiya pamwala, cifukwa m'madzi imakulunga miyendo ndipo ingathe kumiza munthu. Ana a sukulu anaseka mwezi woyamba. Tsopano amangopereka moni, ndipo atsikana awiri a kalasi yanga anandipempha kuti ndiwaonetse kupuma kwake. Ndinati abwere ndi amayi awo.

Zimene zasintha ndinene mosakokomeza. Sikelo yatsika makilo 3 okha pa zaka zitatu, ndiye amene akufuna kuonda msanga akhumudwa. Tensão, pamodzi ndi mapilisi ndi mcere wocepa, imakhala pafupi ndi 130 ndi 85. Msana umene unkandiwawa ndikaimirira pabolodi unaleka. Ndimagona tulo tabwino. Ndimatha kuphunzitsa mpaka ola lomaliza mau osatha. Thumba la ufa la makilo 25 ndimalitsitsa ndekha panjinga osaitana mwana. Palibe amene angandilonjeze kuti matenda a amayi anga sadzandipeza, koma mbali imene ili m'manja mwanga ndikuigwira.

Anzanga a ku Lichinga, Ulónguè, Furancungo ndi kwina kumene kulibe nyanja, musati nkhaniyi si yanu. M'malo mwa kusambira ikani kuyenda mofulumira kapena kupalasa njinga, mpaka muzitha kulankhula koma osatha kuimba. Cigubu cili m'nyumba iliyonse. Ngati muli ndi tensão, shuga, kapena mumamva kuwawa pacifuwa mukakwera citunda, yambani mwaonana ndi a cipatala. Kenako sankhani masiku amene akugwirizana ndi turno yanu, pezani mnzanu mmodzi amene angacite manyazi kukusiyani mukudikira, ndipo musanayambe n'komwe gwirizanani cacing'ono cimene mudzacite pa tsiku loipa. Lembani mizere m'kope usiku uno, ndipo yambani ndi malita 5.