Hilux Yokana Kudzuka ku Biwi

Ukachoka ku Old Town mu Lilongwe n'kutsata msewu wa M1 wolowera ku Blantyre, suyenda mtunda wautali kuti ufike ku Biwi Triangle. Dothi la kuno ndi lakuda ndi oyilo, lomata kunsapato. Timashopu ta masipeya tandandalikana, masipuling'i ndi maekizozi atapachikidwa pakhomo. Apa akuwotcherera, apo akuwongola bodi ndi nyundo, ndipo anyamata osaka makasitomala amakufunsa chomwe chavuta usanazimitse n'komwe injini.

Kuseri kwa mashopuwo kuli magalaja opanda zikwangwani. Pa imodzi mwa iwo ndinapeza Toyota Hilux yoyera ya m'zaka za m'ma 1990, ya injini ya dizilo ya malita 2.8 yomwe amakaniko amangoitchula kuti 3L. Mwini wake amanyamulira chimanga ndi mtedza kuchokera ku Mitundu. Dandaulo lake linali limodzi: ikaima pamaloboti, ponyamuka imachita kudzikoka mpaka aminibasi kuyamba kuliza mahutala kumbuyo, koma ikagwira msewu imayendako bwino.

"Pampu ya dizilo yatha, madala," anatero mwini galimotoyo. "Ingoimasulani."

Makaniko wamkulu, bambo wa imvi, sanatsegule n'komwe boneti. "Bwana, pampu tifikako. Tiyambe taona ngati galimotoyi ili yomasuka."

Anaichotsa m'giya, anatsitsa handibuleki, n'kuuza anyamata awiri kuti akankhe. Pamalo athyathyathya pikapu yopanda katundu imayenera kugudubuzika mosavuta. Iyi inasuntha pang'ono n'kuima yokha. Bamboyo anayendetsa dzanja pafupi ndi marimu onse anayi, poti galimoto inali itangofika kumene. Lakumbuyo kumanzere linali lotentha kuposa anzake. Ataikweza pa jeke, tayala lakumanja linazungulira bwinobwino, lakumanzere linafuna manja awiri. Mabuleki akumbuyo a Hilux zimenezi ndi a dramu, ndipo waya wa handibuleki ukamwa matope a dzinja umachita dzimbiri, osabwereranso. Dalaivala amatsitsa handibuleki m'kati, koma kunjaku nsapato za buleki zikadali zogwira. Galimoto yotere imavutika kwambiri ponyamuka, imamwa mafuta, ndipo injini imanamiziridwa mlandu.

Kuno ndinaona kuti makaniko wodziwa ntchito amagawa vutoli patatu. Mwina pali chomwe chikugwira galimoto, mwina mphamvu ikutayika isanafike kumatayala, mwinanso injini yeniyeniyo yafooka. Chachiwirichi amachiyesa pa kilatchi. Mnyamata wa sipanala analowa, anaponda buleki, anaika giya yachinayi n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Injini inazima nthawi yomweyo, ndipo bambo aja anagwedeza mutu mokhutira. Ikanapitiriza kulira, bwenzi tikunena kuti kilatchi yatha, ikuterereka. Chizindikiro chake pamsewu n'chosavuta: injini imakuwa, liwiro osaonjezeka, pamtunda n'kumamveka fungo la kupsa.

Apa m'pamene boneti inatsegulidwa. Wina anaponda moto mpaka pansi injini ili yozima, makaniko akuyang'ana ngati kachitsulo ka papampu kakufika kumapeto kwake. Waya wa moto ukatamuka, phazi limafika pansi pampu itangotseguka pang'ono. Uwu unali bwino. Filter ya mpweya ndiyo inachititsa manyazi: ataigogoda pa tayala, fumbi lofiira linatuluka lodzaza chikhatho. Injini ya dizilo imafuna mpweya wambiri, ndipo 3L ilibe turbo yoikankhira mpweyawo. Ngakhale ili yatsopano mphamvu zake sizifika mahosipawa 100, komanso Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepukirapo moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Ukaonjezapo filter yotsekeka, yotsalayo ndi yochepa.

Filter ya dizilo nayonso anaiona. Pansi pake pali kapulagi kotulutsira madzi, pamwamba kapampu kopopa ndi dzanja. Anakhetsera m'botolo loyera n'kuliimika padzuwa. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Munalimo pang'ono. "Mumathira wa m'zigubu?" anafunsa. Mwini galimoto anaseka, osayankha. Mafuta akasowa m'mafilling station ambiri timathamangira kwa a zigubu, ndipo dizilo wa kumeneko nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini. Parafini saterera ngati dizilo, choncho amadya pampu m'kati mwakachetechete.

Ndinawasiya akumenya dramu kuti ituluke, n'kupitirira m'kanjira kodutsa pakati pa mabodi a galimoto zakufa. Mayi wina akukazinga tchipisi pachiwaya, makaniko wina wagona pakatoni pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Chapatsogolo panali Nissan 1400, kapikapu ka petulo kamene kankapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Nako kanali ndi matenda ofanana, koma gwero lina. Ukaponda moto kamatsamwa kaye, kenako n'kudzidzimuka. Mu carburettor muli kapampu kakang'ono kamene kamalavula petulo nthawi yomwe waponda. Makaniko wake anachotsa chivindikiro, anasuzumira m'kati uku akukoka waya, ndipo sipanatuluke kadontho. Pa galimoto za petulo amaonanso mapulagi ndi taimingi ya distributor, chifukwa moto ukamachedwa galimoto imanyamuka mwaulesi.

Chakumapeto kuli kachipinda ka okonza mapampu ndi manozo, malo okhawo aukhondo m'dera lonselo, chifukwa kamchenga kamodzi kangathe kuononga ntchito yonse. Amamanga nozo pa kachipangizo kopopa ndi dzanja n'kuona ngati ikupopera nkhungu yosalala kapena ikungodontha. Iwowa amawerenga utsi. Wakuda ndi dizilo wochuluka kuposa mpweya. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa, kutanthauza kuti maring'i atha. Woyera woyabwa m'maso ndi dizilo wosapsa, kawirikawiri chifukwa taimingi yachedwa, mwina lamba wake walumpha dzino. Lamba ameneyu pa 3L amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo pa dashibodi pali nyale yokumbutsa, yomwe ambiri amangoizimitsa. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi cha amakaniko ena chopotokola sikuluwu ya papampu kuti dizilo azilowa wambiri. Galimoto imaoneka ngati yadzuka, kasitomala amalipira akumwetulira, koma utsi umachuluka, injini imatentha, ndipo mutu wa injini za mtundu uwu suchedwa kung'aluka ukatenthedwa.

Pobwerera ndinapeza Hilux ija itatsika pa jeke, waya wa handibuleki ndi mafilter onse awiri zitasinthidwa. Anaizungulitsa kamodzi, ndipo inanyamuka bwino. Makaniko anali atagwada kumbuyo, akuyang'ana masipuling'i omwe anaonjezeredwa zitsulo.

"Mumakweza matumba angati, bwana?"

"Makumi atatu. Nthawi zina kuposerapo."

Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi ndi theka, pa galimoto yopangidwira pafupifupi tani imodzi. Bamboyo anapukuta manja ndi kansanza.

"Ndiye sungani ndalama ya kilatchi. Tionana kukolola kusanathe."