Nyumba yapano usaiike pa chikole

Mwana wanga,

Popeza Lolemba ukunyamuka kupita ku Moatize, ndati ndikulembere za nyumba ino, chifukwa za pakamwa zimauluka. Kumeneko ukapeza obwereketsa ndalama ambiri, a banki ndi a katapila omwe, ndipo onse funso lawo ndi limodzi: chikole chako n'chiyani? Usakatchule pano.

Malo tikukhalawa, pamodzi ndi munda wa fodya ndi dimba lija, palibe angawalande chifukwa cha ngongole. Ku Mozambique kuno nthaka ndi ya Boma. Malamulo aakulu a dziko komanso Lei de Terras ya 1997 amaletsa kuigulitsa, kuiika pa chikole kapena kuilanda pa ngongole. Ife tili ndi ufulu woigwiritsa ntchito, DUAT ija, ndipo popeza agogo ako anaulandira mwa mwambo, ufuluwo ulipo ngakhale popanda pepala. Umboni wa anthu a m'mudzi umakwanira. Pepalalo tinakalitengabe ku Furancungo, poti mboni zimakalamba.

Koma tchera khutu apa, pakuti ambiri amagwera pomwepa. Lamulo lomwelo limalola munthu kuika pa chikole zimene wamanga pamalopo. Nthaka ndi yotetezedwa, koma njerwa, malata ndi zitseko ayi. Ukangosayina, khoti likhoza kulamula kuti nyumba igulitsidwe. Wa katapila ndiye sadikira n'komwe khoti, amangofika ndi anyamata kudzasasula malata.

Ngongole yokha sindiida ayi. Feteleza wa fodya timatenga pa ngongole chaka ndi chaka, n'kubweza pogulitsa. Azakhali ako ku Tsangano amachita chimodzimodzi ndi mbatatesi. Ngongole imeneyo chikole chake ndi zokolola, zikalephera timangolira chaka chimodzi.

Mnzako akakupempha kuti umusayinire ngati fiador, kana, ngakhale akhale wakwathu konkuno. Iye akathawa, ngongole yonse imagwera iwe. Ndipo ukadzakwatira n'kumanga yako, kailembetse ku Registo Predial, mkazi wako adziwe pepala lililonse.

Mapepala a pano ali m'bokosi lachitsulo, ndipo kope lina lili kwa amalume ako, eni mbumba. Alongo ako nawonso ali ndi gawo lawo pano, lamulo silisankha mwamuna kapena mkazi pa cholowa. Zikakuthina, yamba waimba foni, tigulitse mbuzi.

Ndine mayi ako,
kuno ku Macanga