Kamtambo kamene sindinajambule

Pa mapulani a nyumba pali kachizindikiro kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Ukasintha chinthu pa pulani yomwe inatuluka kale, umazunguliza malo osinthidwawo ndi mzere wopindikapindika, wooneka ngati mtambo wojambula mwana wa sitandade 1. Pambali umaikapo chilembo chatsopano, B kapena C, kenako m'kabokosi ka pakona umalemba tsiku ndi chimene wasintha. Pakompyuta sikatenga ngakhale mphindi imodzi. Ine tsiku lina sindinakajambule, ndipo sikuti ndinaiwala ayi.

Inali holo ya mpingo wina ku Lilongwe, ntchito yoyamba imene anandisiyira kuti ndiyendetse chichokereni ku Poly. Osaina mapulani anali abwana anga. Ine wanga unali wojambula ndi kuyendera saiti. Mapulani a tenda titawatulutsa, makontrakitala anayi anawerengera mitengo yawo potengera mapepala amenewo ndi BOQ, mndandanda uja wonena kuti konkire ilowa yochuluka bwanji, zitsulo makilogalamu angati, malata angati. Anapambana bambo wina wa kampani yaing'ono, wa lole imodzi yotha matayala.

Atasainirana kale, injiniya wathu anakaonanso dothi la mbali ya kumunsi kwa puloti. Linali lakuda, la kudambo, lija limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Anazamitsa maziko, n'kusintha zitsulo za m'mizati kuchoka pa Y12 kupita pa Y16. Pakamwa zikumveka ngati zazing'ono, mamilimita anayi okha. Koma mita imodzi ya Y12 imalemera pafupifupi magalamu 890, pomwe ya Y16 imafika kilogalamu imodzi ndi theka n'kupitirirako. Ndiye kumbukirani kuti munali mu Novembala 2023, mwezi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ku hadiweya mitengo inkasintha munthu uli pamzere.

Kusintha kotere kukabwera tenda isanatsekedwe, umatumiza kwa onse opikisana kuti awerengerenso. Kukabwera pambuyo, umalembera kontrakitala kalata yomulamula, a QS amawerengera ndalama yowonjezera, mwini nyumba n'kulipira. Izi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinakhoza nazo mayeso.

Koma apampando a komiti ya zomangamanga anandiitanira pambali. "Mwanangu," anatero, "ndalama zimenezi n'za amayi ogulitsa tomato ndi mandasi. Kontrakitala anasaina kuti amanga holo. Ingomupatsani mapulani atsopanowo, palibe chifukwa chochita kumulozera." Sanali munthu woipa, ndisaname. Anali atatopa ndi mapepa sande.

Usiku umenewo ndinadziuza kuti sindikunamiza munthu. Pulani ndi yolondola, manambala onse alipo, amene ali ndi maso aona. Ndinasiya chilembo A momwe chinalili, kamtambo osaika, n'kutumiza PDF pa WhatsApp ndi mawu akuti "mapulani aja ndi awa bwana." Maganizo anga onse anali pa ndalama: akadzazindikira mochedwa adzangolumira mano, ndi bizinesi. Sindinaganizepo zoti mwina sadzazindikira n'komwe.

Patapita sabata ndi theka ndinapita kusaiti. Ndinapeza zitsulo za mizati isanu ndi itatu ya kumunsi kuja zitamangidwa kale, zonse za Y12, mchenga ndi miyala zitaunjikidwa, simenti ili m'kashedi. Pulani yakale ija inali yokhomedwa pathabwa, itachita kufiira ndi fumbi. Kapitawo wawo, bambo wachikulire wa imvi amene ndikukhulupirira anayamba kumanga ine ndisanabadwe, anandiitana n'kutulutsa foni yosweka galasi.

"Abwana aang'ono, tandithandizani. Pepala ili ndi A, la m'foni ilinso ndi A. Koma apa pakuti 12, apa pakuti 16. Konkire timafuna kuthira m'mawa uno, ndaimitsa. Nditsate liti?"

Sanakalipe. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira ya kumsika. Ine m'kamwa munauma gwa. Ndinayang'ana zitsulo zija n'kuona Lamulungu lina, anthu mazana atatu ali pansi pa denga limenelo akuimba, ena mwa iwo amayi a tomato omwe aja. Konkire ikangothiridwa, palibe amene akanadzaonanso zomwe zili m'kati. Chimene chinaimitsa zonsezo ndi chizolowezi cha mkulu mmodzi chowerenga manambala kawiri.

Madzulo ake ndinawauza abwana anga zonse. Ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito. Anavula magalasi, n'kukhala chete nthawi yaitali. "Otilipira ndi a mpingo, eya," anatero. "Koma kontrakiti ikasainidwa ife timaima pakati ngati refa. Refa sasewerera timu imene yamugulira wezulo. Komanso dzina lili pa pepalalo ndi langa, ku bodi ya ma architect akaitana ine, osati apampando akowo." Kenako anandiuza kuti ndikhale pansi ndijambule timitambo tonse iwo akuona. Tinalipo khumi ndi kamodzi.

Pulani B inatuluka m'mawa mwake pamodzi ndi kalata. A QS anawerengera, ndipo ndalama yowonjezerayo inawawa ndithu. Kumsonkhano wa komiti ndinaima ndekha kufotokoza za dothi ndi zitsulo. Za kukambirana kwathu kwapambali kuja sindinatchule, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali ulemu kapena mantha. Anagwirizana zochotsa siling'i ndi matailosi kuti ndalama ikwane.

Zitsulo za Y12 zija anazimasula n'kudzazigwiritsa ntchito pamwamba pa mawindo. Masiku awiri amene anyamata anataya pomasula, kontrakitala sanawalembe paliponse, ndipo ine sindinawafunse chifukwa chake. Apampando timapatsana moni, koma wa patali.

Mwezi watha ndinakakhala nawo pa ukwati wa mnzanga m'holo imeneyo. Siling'i sanaikebe. Mvula itayamba kugunda malata, mawu a abusa anamira, tinangoona pakamwa pakuyenda.