Pepala limene linaonetsa mudzi wathu

Pansi penipeni pa sutikesi yanga yakale, pomwe ndimasunga masatifiketi ndi zithunzi za ukwati, pali pepala lalikulu lopindidwa kangapo. M'mapindiro monse linatha, ndinachita kulimata ndi selotepi, nayenso anafiira. Ndi mapu a dera la Zomba, amene ndinagula ku Blantyre m'chaka cha 1974 nditangoyamba kumene kuphunzitsa Jogalafe.

Ndimakumbukira tsikulo ngati dzulo. Ndinalawira m'mamawa pa basi, m'thumba muli ndalama za malipiro anga oyamba. Ku nthambi ya boma yoona zoyeza malo kunali chipinda chogulitsira mapu, ndipo aliyense amaloledwa kulowa. Panalibe zofunsana kuti ndinu ndani, kalata yanu ili kuti, mapuwo mukatani nawo. Mzungu wofuna kukwera phiri la Mulanje, mlangizi wa zaulimi, mbusa wa mpingo, ine mphunzitsi wa kumudzi, tonse timaima pa kauntala imodzi. Akalaliki anandiyalira chithunzi cha dziko lonse chogawidwa m'timabokosi, nati, "Lozani kwanu, aphunzitsi." Nditaloza, anapita kukabati ya madilowa otambalala, nasolola pepala losalala, lonunkhira inki. Nambala yake imayamba ndi 1535, kutanthauza madigiri 15 kummwera ndi 35 kummawa. Anandikulungira bwinobwino, ndipo ulendo wonse wobwerera ndinalifukata pamiyendo ngati khanda.

Mapuwa anali a muyeso wa 1:50,000. Masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Chiyambi chake, ndege zimauluka n'kumajambula dziko kuchokera kumwamba, ndipo akatswiri a bungwe la ku Britain lotchedwa Directorate of Overseas Surveys amasandutsa zithunzizo kukhala mapu, mothandizana ndi oyeza malo a konkuno. Mitsinje inali yobiriwira ngati thambo, nkhalango ngati msipu, ndipo mizere yopyapyala yofiirira imazungulira phiri lililonse kusonyeza kutalika kwake m'mafiti. Pamene mizereyo yatalikirana, ndi pachidikha. Pamene yathithikana ngati mizere ya pachala, dziwani kuti pali phompho.

Koma chimene chimandipangitsa kusunga pepalali si kalasi ayi. Ndi malemu bambo anga.

Loweruka lake ndinapita nalo kumudzi, kufupi ndi Domasi, ndi kuliyala pamphasa pakhonde, miyala inayi m'makona kuti mphepo isalitenge. Bambo sukulu sanapite nayo patali. Anagwada, nayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Ndinawalozera phiri la Malosa ndi msewu wa ku Liwonde. Basitu, zina zonse anapeza okha. Anaika chala pa mtsinje wa Domasi n'kumautsata pang'onopang'ono: "Apa ndi pamene timawolokera popita kuchigayo. Apa padambo pa mpunga. Kakhwawa aka ndi komwe ndinakolako nguluwe." Chala chitafika kumapeto kwa pepala anadzutsa mutu. "Nanga nyanja ya Chilwa ili kuti, mwanawe?" Ndinawauza kuti ili papepala lina lotsatana nalo. Anati ndidzagulenso limenelo, chifukwa mtsinje sungasiyidwe panjira.

Kenaka ndinawawerengera dzina la mudzi wathu, lolembedwa m'timalemba takuda pambali pa timadontho toimira nyumba. Anandiuza kuti ndibwereze. Anaitana amayi kuchokera kukhitchini, anaitananso oyandikana nawo nyumba. "Boma likutidziwa," anatero. Madzulo amenewo anatisimbira za anthu oyeza malo amene anabwera iwo ali mnyamata, momwe amuna a m'mudzi anasenzera simenti ndi madzi kukwera nazo phiri kukamanga kachipilala pansonga. Kachipilalako kanalipo pamapupo, kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi nambala pambali. Ntchito ya mapewa awo inali papepala la boma.

M'kalasi mapuwa ananditumikira zaka zambirimbiri. Ana amayeza kutalika kwa mtsinje ndi ulusi, kenaka n'kuutambasula pa rula. Tinaphunziramo ngakhale mbiri, pakuti mapepala akale ena anali akadali ndi maina a nthawi ya atsamunda: Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, Port Herald m'malo mwa Nsanje, Cholo m'malo mwa Thyolo.

Lero zidzukulu zanga zili ndi mapu m'foni, ndipo sindikuwanyoza. Amakufikitsa pakhomo pa munthu mumzinda umene sunapondemo. Koma foni imakuonetsa kanjira kako kokha, pakagalasi kosaposa chikhatho. Pepala lija limakuonetsa dziko lonse lokuzungulira nthawi imodzi: kumene madzi amachokera, kumene amasonkhana, kumene adzathamangire mvula ikakula. Bambo ankasimba za Napolo, madzi ndi matope amene anatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946. Ife tinaona zoterezi ku Phalombe mu 1991. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndinalira, ndipo m'maganizo mwanga munabwera mizere yothithikana ija. Mwana amene anaiphunzira ali wamng'ono amadziwa kuona khwawa louma n'kuzindikira kuti ndi njira ya madzi.

Ndikayala pepala langa lero, ndimaonanso zimene zinapita. Malo amene apakidwa mtundu wa nkhalango pano ndi minda ndi zitsa. Timitsinje tina tolembedwa kuti sitiphwa timauma mwezi wa Ogasiti usanathe. Pepalali ndi mboni ya momwe dziko linalili tisanalimete.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za malo ndi za maphunziro ndi ili: sindikizaninso mapu otere, atsopano, pamtengo woti mphunzitsi ndi mlimi angakwanitse. Sukulu iliyonse ikhale ndi pepala la dera lake pakhoma, mfumu iliyonse ikhale nalo lake. Ndipo inu amene muli ndi akale m'masutikesi, musakutire nawo mabuku kapena kuyatsira mbaula. Ayaleni pamphasa, muitane ana, aloze kwawo.